Kodi Nkwabwino Kuseka Munthu Wakugwa?

Palibe munthu woyenda ndi miyendo iwiri amene anganene kuti iye cibadwire sanagwepo. Mfumu imagwa, mphunzitsi amagwa, ngakhale mlenje wodziwa njira zonse za m'thengo, tsiku lina citsa cimamkola phazi. Popeza kugwa ndi kwa anthu onse, mtundu uli wonse unapanga mau ambiri onenera kugwako. Ena ndi aulemu, ena ndi acifundo, koma ocuruka ndi oseketsa. Oseketsawa ndiwo amene anyamata amakonda kuponyerana pamseu, pamsika ndi pabwalo la mpira, ndipo sapezeka kawirikawiri m'mabuku a kusukulu. M'nkhani ino tifuna kuyang'ana mauwa kuti tione cimene atanthauza, ndipo pambuyo pace tidzifunse funso lobvuta: kodi munthu wa makhalidwe abwino angathe kunena mau otere mnzace ali pansi?

Cuma ca mau onena za kugwa

Tiyambe ndi Cinyanja cathu. Mlendo amene akuphunzira cinenero cathu amangoti, "Uje anagwa," nalekera pomwepo. Koma mwini cinenero sakhuta ndi mau amenewo, afuna kumva kagwedwe kace. Ngati munthuyo anagwa msana pansi, maso kumwamba, timati anagwa cagada. Ngati anatsogoza mimba ndi cifuwa, anagwa cafufumimba. Wina amagwa cammbali, ndipo mnyamata amene nthambi ya mango yathyoka naye amabwera cadodolido, mutu pansi, miyendo m'mwamba. Tiri nao'nso mau onena coyambitsa kugwako, monga kupunthwa pamwala, kuterereka pamatope ndi kudzandira kwa munthu woledzera.

Pamwamba pa awa pali timau tina tating'ono timene aphunzitsi a cinenero amaticha mvekero, cifukwa timamveketsa cinthu m'makutu ndi kucionetsa m'maso. Munthu wamkulu thupi akagwa pouma, timati anagwa pansi khu! Akagwera m'dziwe timati cubwi! Akakhala pamatope mosafuna timati thapsa! Akakunkhunika pacitunda timati anapita gubudugubudu mpaka kudambo. Clement Doke, amene anakhala zaka zingapo pakati pa Alamba ku Kafulafuta asanakhale mphunzitsi wamkulu wa zinenero ku Johannesburg, anafotokoza timau ta mtundu uwu m'buku lace la caka ca 1935, nafalitsa dzina lakuti ideophone limene akatswiri a zinenero akugwiritsabe nchito. Iye anaona kuti zinenero zathu ziri ndi cuma cambiri ca mau otere.

Tsono taonani cinthu ici. Mwana akathamangira kumunda nati, "Agogo agwa," onse amaponya makasu pansi ndi kuthamangira kumudzi mitima iri m'mwamba. Koma mwana yemweyo akati, "Agogo agwa cagada, thapsa!" pamakhala wina amene agwire pakamwa kuti abise phwete. Kugwako ndi kumodzimodzi, agogowo ndi amodzimodzi, casintha ndi mau okha. Mau oyamba aitana cifundo, aciwiri aitana kuseka. Cotero posankha mau onenera kugwa kwa mnzathu, timakhala tikusankhanso mtima umene omvera adzamuonera nao.

Kucokera pathupi kufika pamoyo

Makolo athu anatenga mau a kugwa kwa thupi nawayesa cifanizo ca zocitika m'moyo. Tikaona anthu atasonkhana mosayembekezeka timafunsa kuti, "Kwagwanji?" Yankho lingakhale lakuti kwagwa maliro, kapena kwagwa njala. Munthu wotaya mtima pa nchito wagwa mphwayi. Wonyengedwa ndi anthu ocenjera wagwa m'mbuna, monga nyama imene iponda pamasamba osadziwa kuti pansi pace mlenje anakumbapo. Kumadera ena mtsikana akatha msinkhu amai amauzana mophiphiritsa kuti wagwa m'dothi. Ngakhale mau akuti kukhumudwa, amene lero timanena za mtima wowawidwa, poyamba ankanena za phazi logunda pamwala.

A masiku ano naonso anaonjezapo ao. Ndalama ikacepa mphamvu timati yagwa. Timu ya mpira ikagonjetsedwa kwambiri, kapena munthu akalephera pa masankho, olemba nyuzi amakonda kunena kuti wagwa cagada. Acinyamata, makamaka a ku Malawi, ali ndi mau akuti "wagwa nayo," onena za munthu amene zace zamkanika, kaya ndi mayeso, kaya ndi cibwenzi, kaya ndi bodza limene laululika. Mauwa ndi okoma kuwamva cifukwa amationetsa munthu atasenza kanthu kace, nkugwa nako pamodzi osakataya.

Apa tione kuti funso lathu lakula. Sitikukamba za maondo osupuka okha ai. Mau amene tinena mnzathu akaterereka pamatope ndi omwewo amene tidzanena akacotsedwa nchito kapena banja lace likapasuka. Munthu amaphunzira kacitidwe kace ka pa tsoka lalikulu mwa kuzolowera pa tsoka laling'ono.

Mitundu yina

Tisaganize kuti khalidwe ili ndi lathu lokha. Angerezi munthu akagwa koopsa amati "he came a cropper," mau amene anafala m'zaka za m'ma 1800 ndipo amakhulupirira kuti anacokera kwa okwera pa akavalo. Iwonso amanena mauwa za munthu amene malonda ace agwa, monga momwe ife ticitira. Acinyamata a ku Britain ndi ku Australia amati "he stacked it." Afalansa amati munthuyo watola fosholo, ndipo ku Brazil amati wagula malo, ngati kuti pogona pansipo anali kuyeza dera lomangapo nyumba.

Mau a ku France ndi a ku Brazil awa ali ndi nzeru yobisika. Amanamizira kuti wakugwayo anali ndi colinga, kuti anatsikira pansi dala kukatola cinthu kapena kukaona munda. Onse akudziwa kuti ndi bodza, koma ndi bodza lopatsa munthu nsaru yobisira manyazi. Iye angathe kudzuka, kusasa fumbi, nayankha kuti malowo ndi odula, ndipo onse aseka naye pamodzi. Izi zitiphunzitsa kuti mau oseketsa si onse amene ali mibvi ai. Ena ali ngati dzanja.

Cifukwa ninji timaseka?

Anthu anzeru akhala akulimbana ndi funso ili kuyambira kale. Plato, wanzeru wa ku Greece, anasimba za Thales wa ku Miletus amene anali kuyenda akuyang'ana nyenyezi, nagwera m'citsime. Mdzakazi wina wa ku Thrace anamseka cifukwa cofuna kudziwa za kumwamba pamene za pamapazi pace sanali kuziona. Onani kuti woseka ndi wanchito, wosekedwa ndi munthu wochuka. Kugwa kumalinganiza anthu. Nthaka siidziwa udindo wa munthu, ndipo wosauka akaona bwana wobvala suti ali cafufumimba pamatope, amakumbuka kuti onse ndi thupi limodzi.

Thomas Hobbes wa ku England, m'buku lace la caka ca 1651 lochedwa Leviathan, anaphunzitsa kuti munthu amaseka pamene adziona mwadzidzidzi kuti aposa mnzace. Mwa ganizo ili, ndikaseka wakugwa ndiye kuti mumtima ndikukondwa kuti ine ndiri ciriri. Henri Bergson wa ku France, m'buku lace lonena za kuseka la caka ca 1900, anapereka citsanzo ca munthu wothamanga mumseu amene apunthwa nagwa. Iye anati coseketsa ndi cakuti munthu wamoyo wacita ngati cinthu copanda nzeru, thupi lapitiriza ulendo pamene mwala unafuna kuti lisinthe. Anaonjezanso kuti kuseka kotere kumafuna kuti cifundo cigone kaye kanthawi.

Maganizo onsewa ali ndi coonadi, koma sanathe nkhani yonse. Tapenyani bwino zimene zimacitika munthu akagwa pagulu la anthu okondana. Poyamba pamakhala bata, ena amati "Mayo!" ndipo maso onse ali pa iye. Akagwedezeka, nadzuka, nayamba kusasa zobvala, pamenepo ndi pamene phwete limaphulika. Kuseka uku sikucokera m'kunyada ai, koma m'mantha amene acoka. Nkofanana ndi kupuma kwa munthu amene watula katundu. Amai athu amadziwa bwino zimenezi. Kamwana koyamba kuyenda kakagwa, kamayamba kayang'ana nkhope ya amace. Mai akaonetsa mantha, kamalira. Mai akaseka, naomba m'manja, kapena namenya pansi ponamizira kulanga nthaka imene yagwetsa mwana wace, kamwanako kamadzuka nkupitiriza ulendo. Karen Adolph ndi anzace a pa New York University anawerenga mayendedwe a ana a miyezi 12 mpaka 19, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2012: pa ola limodzi la kusewera mwana amaponda mapazi oposa 2,000 ndi kugwa pafupifupi ka 17. Kukadakhala kuti kugwa kuli konse kumalandiridwa ndi maliro, palibe mmodzi wa ife akadaphunzira kuyenda.

Tsono pali kuseka kwa mitundu iwiri, ngakhale kamvekedwe kace ndi kamodzi. Kwina kumauza wakugwa kuti, "Ndiwe wathu, palibe cacikuru cacitika, dzuka." Kwina kumamuuza kuti, "Pamenepo ndi pamalo pako." Cobvuta ndi kusiyanitsa ziwirizi, ndipo ndiyesa pali miyeso itatu yotithandiza.

Muyeso woyamba: kodi wadzuka?

Mau oseketsa ayenera kudikira. Munthu ali pansi sitidziwa ngati wangodetsa malaya kapena wathyola fupa. Bungwe la World Health Organization linalengeza m'caka ca 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa caka ciri conse pa dziko lapansi cifukwa ca kugwa, ndi kuti mwa ngozi zonse zosacitira dala, ndi ngozi za pamseu zokha zimene zimapha anthu ambiri kuposa kugwa. Oposa 80 mwa 100 ali onse a imfa zimenezi ali m'maiko osalemera, ndipo ocuruka mwa akufawo ndi anthu opitirira zaka 60. Cinthu cimene mnyamata amaciyesa masewera, kwa nkhalamba cingakhale ciyambi ca ulendo wa kumanda, pakuti mafupa a okalamba ndi ofooka, ndipo fupa la m'ciuno likathyoka ambiri sayendanso monga kale. Amene aponya nthabwala asanaone ngati mnzace wabvulala waonetsa poyera kuti thupi la mnzaceyo alibe nalo kanthu.

Muyeso waciwiri: wagwa ndani, ndipo camgwetsa nciani?

Mnyamata wodzitama amene anali kuonetsa luso pa njinga pamaso pa atsikana akagwa, kumseka kungakhale mankhwala, cifukwa camgwetsa ndi matama ace, ndipo matama angathe kuleka. Koma alipo anthu amene amagwa cifukwa ca zinthu zimene sanasankhe: wakhungu, wopunduka mwendo, mai wodwala pakati amene wasenza nkhuni, munthu wofooka ndi njala. Kuseka awa ndiko kumenya munthu womangidwa manja.

Koposa onse tikumbuke odwala khunyu, nthenda imene anthu amaicha matenda akugwa. Pa dziko lapansi pali anthu pafupifupi 50 miliyoni a nthendayi. Iyo imayamba mu ubongo, ndipo siipatsirana mwa malobvu, mwa mpweya kapena mwa kumkhudza wodwalayo. Koma cifukwa ca mantha opanda pace anthu ambiri amathawa wodwala akagwa, ndipo ena apsa koopsa atagwera pamoto abale ao akuonerera. Coyenera kucita ndi copepuka: kumcotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumuikira cofewa kumutu, kumgoneka cammbali, osamlowetsa kanthu m'kamwa, ndi kukhala naye kufikira atatsitsimuka. Akatswiri a zaumoyo amati odwala ofika 70 mwa 100 angathe kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera. Tsono ganizani za mwana wa sukulu amene wagwa m'kalasi, ndipo tsiku lotsatira apeza anzace ampatsa dzina la kagwedwe kace, namayerekeza kunjenjemera kwace. Khunyu limamgwetsa mphindi zowerengeka, koma dzinalo limamgwetsa tsiku ndi tsiku, ndipo ana ena aleka sukulu cifukwa ca zotere. Apa mau oseketsa asanduka nkhanza yeniyeni.

Muyeso wacitatu: wonenayo ndani?

Mwambo wathu suletsa kunyozana kwa nthabwala, koma unakuikira malire ndi mtengo wace. Taonani cimbuya ca pakati pa Angoni ndi Abemba. Mbuya angathe kukunena mau amene mlendo atawanena pangabuke mlandu. Angathe kukupaka ufa kumaso ngakhale pa maliro. Koma mbuya yemweyo ndiye amene adzagwire nchito zolemetsa pa malirowo, kusonkhetsa ndalama ndi kupeputsa mitima ya ofedwa. Ufulu wa kuseka anaugula ndi udindo wa kuthandiza. Ili ndi lamulo labwino pa nkhani yathu yonse: amene ali ndi ufulu wokuseka ukagwa ndi amene akadakusenza kumka nawe kucipatala ukadathyoka mwendo.

Masiku ano lamuloli likuphwanyidwa m'njira yatsopano. Munthu akagwa pamsika, wina amaturutsa foni najambula, ndipo pofika madzulo anthu zikwi amene samdziwa akumseka pa Facebook. Kale kugwa kunkathera pamene fumbi lasasidwa. Lero munthu angadzuke pansi, koma pa cithunzi paja akugwabe, kawiri, katatu, caka ndi caka. Osekawo sanamve kulira kwace, sadzamfunsa ngati wacira, ndipo alibe cimbuya naye. Amenewa akudya za cimbuya osalipira msonkho wace.

Kodi tingowaleka mauwa?

Wina angati, popeza ngozi yace ndi yotere, kuli bwino kuti munthu wophunzira asanene konse mau oseketsa a kugwa. Ine sindibvomereza. Coyamba, cinenero copanda khu ndi thapsa cingakhale ngati ndiwo zopanda mcere, ndipo nthano za Kalulu ndi Fisi zingafe nazo. Caciwiri, wakugwa mwini amawafuna mauwa. Munthu akagwa pagulu, cimene cimapweteka kwambiri kawirikawiri si bondo koma manyazi, ndipo anthu akangoti cete nkumamyang'ana ndi nkhope zacisoni, manyaziwo amakula. Koma iye akayamba yekha kunena kuti, "Abale, lero ndagwa nayo," walanda cida m'manja mwa onyoza, ndipo wakhalanso mwini nkhani yace. Cotero mau awa amakoma koposa akaturuka m'kamwa mwa wakugwayo, ndipo ife oimirira tiyenera kumtsata pambuyo, osamtsogolera.

Pali ulemu wina umene munthu amaupeza mwa kagwedwe kace. Kenneth Kaunda analamulira Zambia kuyambira caka ca 1964, ndipo pa masankho a pa 31 October 1991 anagonja kwa Frederick Chiluba ndi mavoti ambiri ndithu. Kumeneko kunali kugwa kwa pamaso pa dziko lonse. Koma iye anabvomera zoturukapo napereka mpando mwamtendere, pa nthawi imene atsogoleri ambiri a mu Africa sanali kucita cotero, ndipo pamene anamwalira m'caka ca 2021 anthu anakumbuka cinthu cimeneci mwaulemu. Kugwa sikucotsa munthu ulemu wonse. Cotsala cimaoneka pa kadzukidwe.

Mau kwa otsiriza sukulu

Inu amene mwatsiriza sukulu mukulowa m'dziko loterera. Ena mwa inu mayeso sanakuyendereni bwino, ena mudzalemba makalata ambiri ofunsira nchito osayankhidwa, ena mudzayamba malonda amene adzagwa. Mudzamva anthu akunong'onezana kuti mwagwa nayo. Musadzayese kuti mau amenewo ndi ciweruzo ca moyo wanu wonse, pakuti inu nomwe munagwa kosawerengeka musanadziwe kuyenda. Ndipo tsiku limene mudzakhala ciriri, mnzanu ali pansi, kumbukani kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe, ndi kuti anyani amasekana zikundu.

Cinenero cathu cinatipatsa mau amodzi amene ayenera kutsogolera ena onse, ndiwo akuti "Pepani." Timawanena ngakhale si ndife tamgwetsa munthuyo, ngakhale sitimdziwa dzina, cifukwa tanthauzo lace ndi lakuti kupweteka kwace kwatifika nafenso. Tsono dongosolo lace ndi ili: loyamba dzanja, kenaka pepani, ndipo mwini akaseka, pamenepo turutsani cagada ndi thapsa wanu, museke naye mpaka misozi. Amene asunga dongosolo ili angakhale wanthabwala moyo wace wonse osapweteka munthu, ndipo tsiku limene citsa cidzamkola iye, sadzasowa womdzutsa.